Njerwa Zouma za pa Mishoni ya Blantyre

Munthu amene watsika basi pa Wenela nagwira msewu wa ku Chileka sayenda nthawi yaitali asanaone, kuseri kwa mitengo ikuluikulu ya pa mishoni, nyumba ya njerwa zofiira yokhala ndi nsanja ziwiri kumaso kwake, imene anthu a mu Blantyre adaizolowera kotero kuti ambiri amangoipitirira osakweza ndi maso omwe, monga mwana wobadwira kunyanja saima kuti adabwe ndi madzi. Chimenecho ndicho tchalitchi cha St Michael and All Angels. Loweruka akwati amajambulitsa pakhomo pake, alendo ochokera kutali amachizungulira akugwedeza mitu, koma ofunsa kuti nyumba yotereyi idamangidwa bwanji, ndi yani, ndiponso ndi mtima wotani, ndi owerengeka. Ine ndili ndi chifukwa chofunsira, pakuti agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, adaponda nawo dothi la njerwa zimenezi akali mnyamata wosameta ndevu, ndipo zimene ankatisimbira madzulo pakhonde, ife tikukonola chimanga, ndidadzazimvetsa nditakula, nditagwira kale ntchito zaka zambiri m'nyumba za malonda za m'tauni momwemu.

Tiyambe ndi malo. Pamene Henry Henderson adafika kumapiri kuno, motsogozedwa ndi Tom Bokwito amene ankamumasulira mawu, adapeza dziko la Mfumu Kapeni, pakati pa Ndirande, Soche ndi Michiru, lokhala ndi madzi a mumtsinje wa Mudi ndi mphepo yabwino yosafanana ndi chitungu cha kuchigwa cha Shire. Ndipo pa 23 October 1876 amishoni a Church of Scotland adakhazikika pamenepo, natcha malowo dzina la mudzi umene David Livingstone adabadwira. Zaka zoyamba zidali zamanyazi, ndipo sikuyenera kuzibisa. Azungu oyambawo adadziyesa mafumu ndi oweruza, namakwapula anthu ndi chikoti pa milandu yakuba, kufikira wina adafa ndi mikwapulo ndipo wina adaomberedwa ndi mfuti. Mbiriyo itamveka ku Scotland, mtsogoleri wao Duff Macdonald adachotsedwa mu 1881 pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick. Pamalo olamulidwa ndi chikoti munthu amachita chokhacho chimene wauzidwa, ndipo ngakhale aone kuti khoma likupendekera amatseka pakamwa, pakuti wonena ndiye woyamba kumenyedwa.

M'chaka chomwecho cha 1881 kudafika mbusa wachinyamata, David Clement Scott, kudzatola zimene zidamwazika. Akulu adati mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka Scott kadali kachilendo ndithu, chifukwa iye adabwera ndi makutu. Adakhala pansi pamabwalo a milandu namva mmene Amang'anja ndi Ayao ankakambira nkhani, mmene mfumu imadikira kuti aliyense alankhule isanagamule, ndipo adaona kuti anthu awa ali ndi malamulo, ulemu ndi nzeru zao zimene mlendo ayenera kuziphunzira asanatsegule pakamwa. Mikangano ya pamishoni adayamba kuithetsa mwa njira ya mlandu. Mawu a chinenero chathu adawatola limodzilimodzi kwa zaka khumi, kufikira mu 1892 adatulutsa buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja, limene mpaka lero ophunzira amalitsegula ndi ulemu. Ndikutchula zimenezi chifukwa tchalitchi chija chidamera pa mtima umenewu: munthu amene adakhulupirira kuti m'chilankhulo cha anthu muli chuma sakadakayika kuti m'manja mwao mulinso luso.

Ntchito yomanga idayamba mu 1888. Scott sadaphunzire za mamangidwe kusukulu ina iliyonse, sadali mmisiri wa njerwa, ndipo palibe pepala la pulani limene lidapezeka lolongosola nyumbayo kuyambira pamaziko kufikira padenga. Anthu amene adagwira naye ntchito adali alimi, asodzi, amtengatenga ndi ena othawa ukapolo amene adabisala pamishoni, oti chibadwire sadamangepo nyumba yotere ngakhale kuiona kumene. Dothi adakumba pomwepo, adaliponda ndi mapazi, adaumba njerwa m'zikombole zamatabwa, naziwotcha mu uvuni wa nkhuni. Odziwa amati m'nyumbamo muli mitundu ya njerwa yokwana 81, zina zamakona, zina zozungulira, zina zosongoka ngati mano, zina zokhota kuti zitseke uta wa pamwamba pa khomo, ndipo mtundu uliwonse udafuna chikombole chakechake, chimene kalipentala adachisema poyamba asanadziwe ngati chidzakhoza.

Apa ndipo pagona nkhani imene agogo ankaibwereza kawirikawiri, imenenso olemba mbiri ya nyumbayi amaichitira umboni. Chigawo chilichonse chovuta, kaya ndi uta wa zenera, kaya ndi mutu wa nsanamira, kaya ndi denga lobulungira la kuguwa, ankayamba achiyala ndi njerwa zouma, popanda chomatira china chilichonse, kungosanja imodzi pamwamba pa inzake. Akatero ankabwerera m'mbuyo onse, mbusa ndi anyamata ake, nayang'ana. Chikakhala chopotoka ankachiphwasula, chikagwa chokha ankatola njerwazo nayambanso, ndipo ankamanga zenizeni pokhapokha maso a onse atakhuta. Agogo ankati tsiku lina lathunthu limatha ndi kusanja ndi kuphwasula, dzuwa n'kulowa popanda njerwa imodzi yomangidwa, koma palibe amene adadulidwa malipiro kapena kutukwanidwa chifukwa chakuti chimene adasanja chagwa. Ankanena zimenezi motsitsa mawu, ngati munthu wosimba chozizwa, chifukwa pambuyo pake adakagwira ntchito m'minda ya azungu ya thangata, kumene kapitawo ankayenda ndi chikoti m'manja, ndipo adadziwa kusiyana kwake ndi msana wao womwe.

Lingalirani bwino nzeru imene ili m'njerwa zoumazo. Khoma lomata likalakwika, kuligumula ndi kutaya chuma, ndipo wolakwitsayo amayamba kubisa mng'alu, kuupaka dothi, kunamizira mnzake. Koma njerwa youma ikalakwika palibe chotayika koma thukuta la ola limodzi, ndipo chifukwa kulakwa n'kotchipa, ngakhale mnyamata woponda dothi amalimba mtima kunena kuti, bwanji titembenuze iyi chagada tione. Mbewa yamanyazi idafera kuuna, koma manyazi a wantchito sachokera m'mimba mwa amake; amawadzala ndi mkulu wa ntchito, ndipo ndi yemweyonso amene angawazule. Scott adakonza malo pamene munthu angalakwe masana, pamaso pa anzake, osachita manyazi, ndipo kuchokera pamenepo idatuluka nyumba ya mafiti 106 m'litali, 30 m'lifupi ndi 37 kufika pamsonga ya denga, imene idaperekedwa kwa Mulungu pa 10 May 1891, ndipo yaima zaka zoposa 130, mvula ya Blantyre ikuikwapula chaka ndi chaka.

Mzimu womwewo udalowa m'munda. Mu 1878 mlimi wa pamishoni, Jonathan Duncan, adabwera ndi timitengo ta khofi kuchokera kumunda wa zomera wa ku Edinburgh, ndipo kamodzi kokha ndiko kadapirira ulendo. Kuchokera ku kamtengo kameneko khofi adafalikira kumapiri a Shire, Buchanan uja namudzala kwambiri ku Zomba, kufikira mtengo wa khofi udajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda. Tiyi woyamba adakanika, adayesanso, ndipo mbewu za timitengo tochepa timene tidaphuka pamishoni ndizo Henry Brown adapita nazo ku Thornwood ku Mulanje mu 1891. Khofi adagwa zaka za m'ma 1900 zitangoyamba, mitengo yake itatsika pamsika wa dziko lonse ndipo matenda atalowa m'minda, koma tiyi, amene poyamba adaoneka ngati choseweretsa cha m'munda wa abusa, ndiye wadyetsa Mulanje ndi Thyolo kufikira lero. Pakadakhala mlembi wa chuma woumirira kuti m'mundamo mudzalidwe zokhazo zimene phindu lake likudziwika kale, timitengo ta tiyi tija tikadazulidwa.

Koma njerwa zazikulu zimene Scott adayala zidali anthu. M'zaka za 1893 ndi 1894 adapatula anyamata a dziko lino nawaika kukhala madikoni, ndipo sadawapatse dzina lokha ayi, adawapatsa ntchito yeniyeni ndi mphamvu yogamula, nawatuma kutali kumene kudalibe mzungu wowayang'anira. Harry Kambwiri Matecheta adatumidwa ku Nthumbi, pakati pa Angoni amene masiku amenewo dzina lao lokha linkathawitsa midzi. John Gray Kufa adaphunzira za mankhwala nakhala mmodzi wa oyamba a dziko lino kugwira ntchito ya udokotala wothandiza, ndipo adanyamula bokosi lake la mankhwala kukatsegula ntchito pakati pa Alomwe, kutsidya kwa malire, m'dziko la Apwitikizi. Mungo Murray Chisuse adapita ku Scotland, naphunzira kusindikiza mabuku mu Edinburgh, nabwerera kudzayendetsa nyumba ya makina osindikizira ya pamishoni, kumene kunkatuluka mabuku a sukulu, a nyimbo, ndi nyuzi ya mishoni imene idayamba mu 1888. Yemweyo adaphunziranso kujambula zithunzi, ndipo nkhope ya John Chilembwe imene ife tonse timaidziwa tidaiona kupyolera m'diso la makina a Chisuse. Joseph Bismarck adatsegula munda wakewake nakhala mmodzi wa anthu akuda oyamba kulima mbewu zogulitsa pa malo ogula yekha.

Onani kuti palibe mmodzi wa amenewa amene adayamba wakhoza kale ntchito yake. Adapatsidwa asanakhoze, ndipo adakhoza chifukwa adapatsidwa. Pamenepa ndi pamene akulu a ntchito ambiri amapunthwa, pakuti amati, ayambe waonetsa kuti angathe ndipo tidzampatsa, osazindikira kuti mwana saphunzira kupalasa bwato ali pamtunda.

Zotere sizikondweretsa onse. Azungu a minda, amene chuma chao chidatsamira pa munthu wakuda wogwira khasu mosafunsa, adaipidwa kuona anthu akuda akulalikira ndi kuweruza milandu mu mpingo umene iwonso ankapempheramo. Harry Johnston, amene adakhazikitsa boma la Britain kuno mu 1891, adatopa ndi nyuzi ya mishoni imene inkadzudzula msonkho, kulanda malo ndi nkhondo zake. Ndipo ngakhale amishoni anzake ena adamunenera Scott kwao kuti akuononga ndalama, kuti mapemphero ake achuluka miyambo, ndi kuti akukweza anthu akuda msanga. Sindinena kuti pa nkhani ya ndalama adalibe chifukwa konse, pakuti munthu woyesa zinthu zambiri amataya zambiri, ndipo wosunga thumba ali ndi udindo wake umene tiyenera kuulemekeza. Koma mlandu weniweni udali wachitatuwo. Mu 1895 adamwalira mkazi wa Scott, namwaliranso mbale wake, dokotala William Affleck Scott. Mu 1897 akulu a mpingo ku Scotland adamufufuza. Ndipo mu 1898, thupi ndi mtima zitatopa, adachoka ku Blantyre. Adakagwira ntchito ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, kumene adamwalira mu 1907.

Amene adalowa m'malo mwake, Alexander Hetherwick, adali munthu wanzeru, wadongosolo, wolimbikira, ndipo tisamuchepetse: adatsogolera zaka makumi atatu kufikira 1928, m'nthawi yake mudamangidwa sukulu ya Henry Henderson Institute mu 1909, imene idatulutsa aphunzitsi, akalaliki, akalipentala ndi osindikiza amene adadzaza maofesi a dziko lino ndi a maiko oyandikana nalo, ndipo adali mmodzi wa omanga chiyanjano cha CCAP mu 1924. M'tchalitchi muja mudalowa limba lalikulu mu 1907 ndi magetsi mu 1912. Koma mphamvu yogamula ndi thumba la ndalama zidasonkhana m'bungwe la amishoni achizungu okhaokha, ndipo zidakhala momwemo kufikira m'zaka za m'ma 1950. Matecheta, amene adayesedwa woyenera kuima yekha pakati pa Angoni mu 1893, adadikira kufikira 1911 kuti adzozedwe ubusa, pamodzi ndi Stephen Kundecha. Kufa, amene manja ake adachiritsa anthu osawerengeka, ataona kuti khomo lililonse lokwerera latsekedwa, adakalima munda wake ku Nsoni, nagwirizana ndi Chilembwe, naphedwa ndi boma mu 1915. Mishoni idapitirira kuphunzitsa anthu kuchita bwino zimene adauzidwa, ndipo idachita zimenezo mwaluso ndithu, koma masiku oyala njerwa zouma pamodzi, mkulu ndi wamng'ono atayang'ana khoma limodzi, adali atapita.

Ine ndidaziona zomwezi ndi maso anga, m'nthawi ya ufulu, akulu a ntchito ali anthu akuda anzathu. Pa kampani ina imene ndidagwirako zaka zambiri monga mlembi wa m'nyumba yosungira katundu, padali mnyamata wina wonyamula makatoni amene adaona kuti katundu wotuluka tsiku ndi tsiku tinkamuika kumapeto kwenikweni kwa nyumbayo, pamene wogona miyezi adatsekereza pakhomo, kotero kuti galimoto imodzi inkatha theka la tsiku ikupakira. Adapempha kuti Loweruka lina, ntchito itatha, asinthe mashelefu awiri okha, tione sabata imodzi, ndipo zikakanika adzabwezeretsa yekha popanda malipiro. Ameneyo adapempha njerwa zouma, ngakhale sadadziwe dzina lake. Abwana adamuyankha pamaso pa tonse kuti adalembedwa ntchito ya mapewa, ya mutu ili ndi eni ake. Mnyamatayo sadalankhulenso za ntchito kufikira tsiku limene adachoka, ndipo ife tonse amene tidamva yankholo tidaphunzira phunziro lomwelo. Ine ndidali pomwepo, ndi buku langa m'manja, ndikudziwa kuti mnyamatayo akunena zoona, koma ndidakhala chete poopa kutaya mkate wa ana anga. Chinthu chimenechi chimandiwawa mumtima kufikira lero, ine mdzukulu wa munthu amene adaloledwa kusanja njerwa za nyumba ya Mulungu ali mwana.

Masiku ano ndimamva kuti makampani, mabungwe ndi nthambi za boma amasonkhanitsa antchito ao kumahotela a kunyanja kukaphunzira kaganizidwe katsopano, ndipo amapachika timabokosi pakhoma kuti aliyense aponyemo maganizo ake. Sindinyoza zimenezo, pakuti cholinga chake n'chabwino. Koma ndifunse akulu a ntchito amenewa mwaulemu: kodi m'nyumba mwanu muli kangodya kamene wantchito wamng'ono angayesepo chinthu, chikagwa osadulidwa malipiro? Kodi amene adaponya pepala m'kabokosi chaka chatha adamva yankho? Kodi mudayamba mwatuma mnyamata ku Nthumbi wanu, kutali ndi maso anu, ndi mphamvu yogamula yekha, musanatsimikize kuti akhoza? Ndipo chinthu chikakhoza, dzina limene limatchulidwa pamsonkhano wa eni kampani ndi la yani? Mutu umodzi susenza denga, timatero tonse, ndipo timaulemba mwambiwu ngakhale pa makalendala, koma ambiri timafuna mitu ya anzathu kuti isenze chabe, osati kuti iganize za kamangidwe ka dengalo.

Funso lotsirizalo, la dzina, likundibwezera kutchalitchi kuja, pakuti ngakhale pamenepo pali ngongole imene sidalipidwe. M'kati mwake muli zikwangwani zamkuwa ndi mazenera okumbutsa amishoni amene adafera kuno, ndipo n'koyenera kuti akumbukiridwe, chifukwa adasiya kwao nagona m'nthaka yathu. Dzina la Scott lili m'mabuku onse. Matecheta, atakalamba, adalemba buku la chiyambi cha mishoni, limene lidatuluka mu 1951, natisungira zambiri zimene zikadatayika. Koma anthu mazana amene adakumba dothi, amene adasema zikombole 81 zija, amene adagona usiku akusonkhezera moto mu uvuni, amayi amene adatunga madzi ku Mudi ndi mitsuko pamutu, ndi mnyamata amene adayamba kunena kuti titembenuze njerwa iyi tione, alendo akafunsa amangouzidwa kuti adali anthu a m'midzi yozungulira. Agogo anga ankatha kuloza chigawo cha khoma chimene adanyamulira njerwa zake, ndipo ankatchula maina a anzao asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndi midzi yao; ine ndidali mwana, sindidalembe, ndipo tsopano ndatsala ndi awiri okha m'mutu.

Chifukwa chake ndikupempha inu a kwa Kapeni, a kwa Machinjiri, a m'Ndirande, a ku Chilomoni ndi kwina konse kumene zidzukulu za amisiri aja zidafalikira: ngati m'banja mwanu mudatsala mawu akuti agogo athu adamanga nawo tchalitchi cha pamishoni, khalani pansi ndi nkhalamba imene ikali moyo chaka chino chisanathe, lembani dzinalo, mudzi wake ndi ntchito imene adagwira, ndipo kaperekeni pepalalo kwa akulu a mpingo pamishoni pomwepo, kuti maina amenewa asonkhanitsidwe ndi kuwerengedwa m'nyumba imene eni ake adaimanga.